Mutu 6: Discern, Mneni wa Kuona Mosiyanitsa

Chingerezi chili ndi aneni ambiri onena za ntchito ya maso: see, look, watch, notice, observe, perceive, distinguish, discern ndi ena otero. Munthu amene akuphunzira chiyankhulochi amafulumira kuganiza kuti onsewa akunena chinthu chimodzi, kungoti ena amamveka pamsika pomwe ena amapezeka m'mabuku. Akaganiza choncho, discern amamuona ngati see wa anthu ofuna kumveka ophunzira, basi. Mutu uno ukutsutsa maganizo amenewo. Mneni discern ali ndi ntchito yakeyake imene anzakewo sangaigwire yonse. Munthu akamugwiritsa ntchito amakhala akunena zinthu zitatu pakamodzi: kuti chimene waonacho chinali chovuta kuchiona, kuti wachiona pochilekanitsa ndi zina zimene chinasakanikirana nazo, ndiponso kuti chinthucho chilipodi, sichinangobadwira m'mutu mwake. Kumene liwuli linachokera, njira imene linayenda polowa m'Chingerezi, ndi momwe anthu amalilembera lero, zonsezi zikuchitira umboni mfundo zitatuzi. Ndipo tiona kuti yachitatuyo ndi imene yasungira liwuli ulemu umene mbale wake wina anataya.

Discern anachokera kwa mneni wa Chilatini discernere, wopangidwa ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba, dis, chimanena za kulekanitsa, kuika ichi uku, icho uko. Chachiwiri ndi cernere, ndipo tanthauzo lake loyambirira linali kusefa. Sefa Aroma ankaitcha cribrum, dzina lochokera pa muzu womwewo, ndipo cernere inali ntchito ya munthu wogwedeza sefa kuti ufa wosalala ugwe pansi, misere itsale pamwamba. Aliyense amene anaonapo mayi akusefa ufa wochokera kuchigayo akudziwa kuti ntchitoyi siwonjezera kanthu pa ufawo. Imangoika poyera kusiyana kumene kunalipo kale. Kuchoka pamenepa Aroma anayamba kunena cernere pa kuona bwinobwino ndi maso, chinthu chikalekana ndi mdima kapena khamu lochizinga, kenako pa kumvetsa ndi nzeru, kenakonso pa kugamula. M'malamulo awo a chuma chamasiye, wosiyiridwa chuma ankapatsidwa nthawi, kawirikawiri masiku 100, yoti alingalire ngati achilandire, pakuti wolandira chuma ankasenzanso ngongole za malemuyo. Kulengeza poyera kuti wavomera kunkatchedwa cretio, dzina lobadwa kwa cernere yemweyo. Motero liwu limodzi linayenda kuchokera pa sefa mpaka kubwalo la milandu, dongosolo lake likadali lomwelo: yamba walekanitsa, kusankha kubwere pambuyo.

Banja la muzu umenewu ndi lalikulu m'Chingerezi, ndipo kulidziwa kumathandiza. Certain, kutanthauza chotsimikizika, anachokera ku certus, chimene chasefedwa kale n'kugamulidwa. Decree, lamulo la wolamulira, anachokera ku decernere. Secret, chinsinsi, ndi chinthu chopatulidwa n'kuikidwa pambali, kuchokera ku secernere. Discreet ndi discrete, mawu awiri omveka chimodzimodzi amene amazunguza ngakhale eni chiyankhulo, onse anachokera ku discretus: loyambalo limanena za munthu wodziwa poyankhula ndi pokhala chete, lachiwirilo za zinthu zoima pazokhapazokha. Mbale wa cernere m'Chigiriki ndi krinein, kulekanitsa ndi kuweruza, ndipo iyeyu ndiye anapatsa Chingerezi critic, criterion ndi crisis. Asing'anga akale a ku Greece ankati krisis ponena nthawi imene matenda amapatuka, wodwala n'kuyamba kuchira kapena kutsikira kumanda. Chingerezi chakale nacho chinali ndi liwu lakelake la muzu womwewu, losabwereka kwa wina aliyense, limene lero ndi riddle, sefa ya mabowo akuluakulu yosefera mbewu kapena miyala. Riddle wina uja wotanthauza ndagi ndi wa banja lina. Mawu onsewa akusonyeza kuti kwa zaka zikwi zingapo eni ziyankhulo zimenezi ankaona kudziwa ndi kuweruza ngati ntchito yoyamba ndi kulekanitsa.

Liwuli silinalowe m'Chingerezi molunjika kuchokera ku Rome. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu, cha mabwalo a milandu ndi cha anthu olemera. Chilatini chinkalamulira kutchalitchi ndi kusukulu, Chingerezi chitatsalira anthu wamba. Pamene Chingerezi chinkabwerera pamalo aulemu, monga mu 1362 pomwe lamulo linati milandu izikambidwa m'Chingerezi, chinabwera chitasenza mawu obwereka zikwizikwi. Discern anali mmodzi mwa iwo, wodzera kwa discerner wa Chifalansa chakale, ndipo amayamba kuoneka m'zolemba za kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, anamugwiritsa ntchito m'ndakatulo yake yaitali ya Troilus and Criseyde. Mbiri imeneyi ndiyo ikufotokoza chifukwa chake see amamveka wapakhomo pomwe discern amamveka wa m'buku: woyambayo anakulira m'kamwa mwa alimi ndi abusa, wachiwiriyo anafika ndi alembi, ansembe ndi oweruza. Komatu liwu kukhala lobwereka sizitanthauza kuti linali losafunika. Chiyankhulo chikasunga mawu awiri oyandikana kwa zaka zoposa 600, kawirikawiri chimakhala chitawagawira ntchito, ndipo umu ndi momwe zinakhalira apa.

Kugawana ntchitoko kumaoneka bwino tikayang'ana mawu amene amayenda limodzi ndi discern m'ziganizo za masiku ano. Nthawi zambiri amatsogozedwa ndi can kapena could, ndipo pafupi naye pamakhala barely, hardly, just, difficult kapena impossible, onsewo onena za kuvutikira. Mngerezi anganene kuti "I could just discern a figure in the fog", kutanthauza kuti movutikira anatha kuona kuti m'nkhungumo muli munthu. Sangagwiritse ntchito mneniyu ponena za dzuwa la masana opanda mtambo, kapena basi imene yaima pamaso pake. Atatero omvera angaseke, mwinanso angaganize kuti maso ake ali ndi vuto. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo discern ndi mneni wa kuona kotereku. Sathera pa maso pokha: amanenedwanso pa kumva mawu a mwana wako pakati pa phokoso, kapena kuzindikira chokometsera china chobisika m'chakudya. Kamangidwe ka ziganizo nako kakusonyeza kulekanitsa kuja. Pali discern wotsatiridwa ndi chinthu chimodzi, pali wotsatiridwa ndi zinthu ziwiri zolekanitsidwa ndi from, ndiponso pali discern between. Ngakhale pamene chatchulidwa chinthu chimodzi chokha, chachiwiri chimakhalapo mobisika: nkhungu, mdima, phokoso, kapena mulu wa ziwerengero umene katswiri akufufuzamo pattern kapena trend, mayina awiri amene amakonda kutsatira mneniyu m'nyuzipepala ndi m'malipoti.

Mfundo yachitatu ija, yakuti chinthucho chilipodi, siioneka msanga koma ndiyo msana wa nkhani yonse. Gilbert Ryle, katswiri wa filosofi wa ku Oxford, m'buku lake la The Concept of Mind la 1949, analekanitsa aneni onena za kuyesa ndi aneni onena za kukwanitsa. Kufunafuna n'kuyesa, kupeza n'kukwanitsa. Kupereka mankhwala n'kuyesa, kuchiritsa n'kukwanitsa. Munthu angafunefune tsiku lonse osapeza, koma tikati wapeza ndiye kuti chinthucho chinalipo. Discern ali m'gulu lachiwirili. Wolemba akagwiritsa ntchito mneniyu ponena kuti nduna inaona kuti chuma chikulowa pansi, wavomereza yekha kuti chumacho chinkalowadi pansi. Ngati sakuvomereza, amakakamizika kuwonjezera thought kapena claimed, kuti zimveke kuti ndunayo inkangoganiza kapena kungonena kuti yaona. Apa ndipo discern amasiyana ndi perceive, amene masiku ano amalola kulakwitsa: perceived threat ndi chiopsezo chimene anthu akuchiganizira, mwina chilipo, mwina palibe. Amasiyananso ndi notice, amene amachitika mwadzidzidzi popanda khama. Distinguish ndiye woyandikana naye kwambiri, koma iyeyu amanenedwa ngakhale pa kusiyanitsa kosavuta konse, monga kufiira ndi kuyera, komanso pa chizindikiro chimene chimalekanitsa nyama ina ndi inzake kaya pali woona kaya palibe. Discern yekha ndiye amafuna munthu woona, amafuna khama lake, n'kulonjezanso kuti chaonedwacho n'choona.

Baibulo la King James la 1611 linathandiza kwambiri kuzika liwuli m'makutu a anthu oyankhula Chingerezi, ndipo malo amene omasulira analiika akugwirizana ndi zimene tafotokozazi. Mu Genesis 27, Isake wokalamba, maso atachita khungu, akupapasa manja a Yakobo okutidwa ndi zikopa za mbuzi, ndipo mneni wonena za kulephera kwake kuzindikira mwanayo ndi discern. Kusiyana kwa Yakobo ndi Esau kunalipo, mawu ankakuulula, koma chinyengo chinakuphimba. Mu 1 Mafumu 3, Solomoni sakupempha moyo wautali kapena chuma koma mtima wotha kusiyanitsa chabwino ndi choipa, ndipo mutu womwewo ukupitirira ndi mlandu wa amayi awiri olimbirana khanda. Mlanduwo unalibe mboni. Mayi weniweni analipo ndithu, koma panafunika nzeru kuti aonekere. Mu Yona 4, anthu a ku Nineve akufotokozedwa ngati osatha kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere. Mu Mateyu 16, Yesu akudzudzula anthu odziwa kulosera nyengo poyang'ana kumwamba koma olephera kuwerenga zizindikiro za nthawi yawo. Ahebri 5 akuwonjezera kuti luso limeneli limakula ndi kuzolowera, ndipo 1 Akorinto 12 akulitchula pakati pa mphatso za Mzimu. M'malo onsewa chofunika kuchionacho chili kunja kwa woonayo, ndipo iye angathe kuchipeza kapena kuchiphonya.

Dzina lobadwa kwa mneniyu, discernment, linalowa chuma cha mwambo wachikhristu umene unayamba kale kwambiri Chingerezi chisanalitenge. John Cassian, amene m'zaka za m'ma 420 analemba ali ku Marseille zimene anaphunzira kwa amonke a m'chipululu cha Egypt, ankaphunzitsa kuti munthu aziyesa maganizo ake momwe wosintha ndalama amayesera ndalama yachitsulo: kodi ndi golide weniweni, kodi nkhope ili pamenepo ndi ya mfumu yoona, kodi kulemera kwake n'kokwanira. Luso limeneli m'Chilatini linkatchedwa discretio, ndipo malamulo a amonke a Benedict a m'zaka za m'ma 500 analiona ngati gwero la makhalidwe ena abwino. Ignatius wa ku Loyola, atavulala mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521, anazindikira ali chigonere kuti maganizo ena amamusangalatsa kwa kanthawi n'kumusiya wouma mumtima, pomwe ena amamusiyira mtendere wokhalitsa. Pamenepo ndi pamene panachokera malangizo ake osiyanitsira zinthu zokoka mtima, amene ali m'buku lake lodziwika m'Chingerezi kuti Spiritual Exercises, losindikizidwa mu 1548. Mpaka lero, m'mipingo yoyankhula Chingerezi, mnyamata wolingalira za unsembe amati ali pa discernment, ndipo Papa Francis, wa chipani cha Jesuit chimene Ignatius anayambitsa, anaphunzitsa za mutuwu kwa miyezi ingapo mu 2022. Pa mwambo wonsewu liwuli silitanthauza kutsata chimene mtima wakonda. Limatanthauza kuukayikira mtimawo n'kuuyesa ndi miyeso yochokera kunja kwake.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'kukokomeza mbiri. Akatswiri a ziyankhulo amachenjeza kuti kumene liwu linachokera sikulamula tanthauzo lake la lero, ndipo akunena zoona. Nice, amene lero amanena za chinthu chokoma kapena munthu wabwino mtima, anachokera ku Chilatini nescius, wosadziwa kanthu, ndipo m'zaka za m'ma 1300 ankatanthauza wopusa. Palibe munthu wanzeru angaumirire kuti kuyamikira mnzako kuti ndi nice n'kumutukwana. Munthu wa ku Manchester akamati discern saganizako za sefa ya Aroma ngakhale pang'ono. Yankho n'lakuti umboni wa mutu uno sunatsamire pa Chilatini. Watsamira pa mawu amene amayenda ndi mneniyu lero, pa ziganizo zimene eni chiyankhulo amazivomera ndi zimene amazikana. Mbiri ikungofotokoza momwe zinthu zinafikira apa, ndipo ikanatsutsana ndi zimene anthu amanena lero, yogonja ikanakhala mbiriyo. Chitsanzo chake chili m'banja lomweli. Discriminate anachokera ku discrimen, malire olekanitsa zinthu, dzina la muzu umodzi ndi discernere. Analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 ali ndi tanthauzo lopanda banga la kusiyanitsa mosamala. Aneni awiriwa ananyamuka ali pafupifupi chimodzimodzi, koma lero wina amanenedwa poyamikira munthu, winayo pomuimba mlandu.

Kupatukana kwawoko kunachitika masanasana. Ku America, m'zaka za m'ma 1860, nkhondo yapachiweniweni itatha ndiponso ukapolo utathetsedwa, discriminate anayamba kumveka kwambiri pa mikangano ya malamulo ochitira anthu akuda mosiyana ndi azungu, against akumutsatira pambuyo. Tanthauzo limeneli linakula mpaka kuphimba loyamba lija. Ndi limene lili m'lamulo la Civil Rights Act la 1964, m'pangano la United Nations la 1965 lothetsa tsankho la mitundu, ndiponso m'gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994. Tanthauzo lakalelo linathawira kwa akatswiri. Pa masamu, discriminant, dzina limene James Joseph Sylvester anapereka mu 1851, ndi nambala imene imauza wophunzira ngati samu ya quadratic ili ndi mayankho awiri, limodzi, kapena ilibe yankho pakati pa manambala enieni. Chichewa nacho chinayenda njira yofanana, pakuti kusankha, ntchito yabwinobwino, ndi kumene kunabala tsankho. Nanga n'chifukwa chiyani discern sanaipe ngati mbale wakeyo? Chifukwa discriminate amanena za kuchita, kulemba malire n'kuchitira anthu mosiyana, ndipo malire angalembedwe ngakhale pamene palibe kusiyana koyenera kuwerengeredwa. Discern amanena za kupeza, ndipo chimene palibe sichipezeka. N'chifukwa chake discriminate against ndi mawu a tsiku ndi tsiku, pomwe discern against samveka m'kamwa mwa eni chiyankhulo.

Kutsutsa kwachiwiri kumachokera kwa aphunzitsi a kalembedwe kosavuta. Abale awiri, Henry ndi Francis Fowler, m'buku lawo la The King's English la 1906, analangiza olemba kuti azikonda mawu a Chingerezi chenicheni kuposa ochokera ku Chilatini ndi Chifalansa. George Orwell, m'nkhani yake ya Politics and the English Language ya 1946, anadandaula kuti mawu aatali obwereka amagwiritsidwa ntchito kubisa maganizo osakhwima ndi mabodza a ndale. Potsata malangizo amenewa, bwanji osangoti see, tell kapena make out? Dandauloli lili ndi mbali yoona. M'makalata a m'maofesi ndi m'zimangirizo za ophunzira, discern amaikidwa kawirikawiri pamene panalibe chovuta chilichonse kuchiona, cholinga chili chongolemeretsa chiganizo. Pamenepo liwuli ndi katundu wachabe ndipo liyenera kufufutidwa. Make out amagwiradi ntchito yomweyo pa nkhani ya nkhungu ndi mdima, ndipo pocheza ndi amene amamveka bwino. Koma tayesani kumuika pa woweruza amene akufufuza cholinga cha nyumba ya malamulo m'mawu osamveka bwino a lamulo, kapena wolemba mbiri amene akufuna chifukwa chenicheni cha nkhondo pakati pa zifukwa zonamizira. Make out amapepuka, see sanena kanthu za khama, ndipo tell amatsamira pa kuyankhula kwa pamacheza. Orwell mwiniwakeyo sanaletse mawu aatali onse. Analetsa lalitali pamene lalifupi lingakwanitse ntchitoyo. Langizo lakelo likatsatidwa bwino limachotsa discern pamalo amene si ake n'kumusiya pamalo ake enieni.

Kutsutsa kwachitatu n'kolemera kuposa kuwiri koyambaku. Mfotokozi discerning ndi wokondedwa wa otsatsa malonda. Mahotela, vinyo, magalimoto ndi mawotchi amanenedwa kuti n'za discerning customer, ndipo aliyense amadziwa kuti akutanthauza kasitomala wa ndalama. Pierre Bourdieu, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku France, anafotokoza m'buku lake la La Distinction la 1979 kuti chimene anthu amatcha kudziwa zinthu zabwino kawirikawiri chimatsata banja limene munthu anabadwiramo ndi sukulu imene anapitako, ndipo chimagwira ntchito yotsekera ena kunja. Ngati zili choncho, kodi discernment si tsankho lomwe lija, kungoti latchulidwa mwaulemu? David Hume anali atalimbana kale ndi funso loyandikana nalo mu 1757, m'nkhani yake ya Of the Standard of Taste, ndipo anayankha ndi kankhani kochokera m'buku la Don Quixote. Achibale awiri a Sancho Panza, mmodzi mwa anthu a m'bukumo, anapemphedwa kulawa vinyo wa mumgolo umene unkatamandidwa. Wina anati vinyoyo ndi wabwino koma akumveka kachikopa, winayo anati akumveka kachitsulo. Anthu anawaseka, koma mgolowo utatha, pansi pake panapezeka kiyi wakale womangiriridwa kachingwe ka chikopa. Nkhaniyi sikuphunzitsa kuti akatswiri salakwa. Ikuphunzitsa kuti kuona kwenikweni kumasiyana ndi kudzitama pa chinthu chimodzi, chakuti kumatha kuyesedwa. Wolawa apatsidwe makapu opanda mayina. Akalephera kusiyanitsa, ndiye kuti nthawi yonseyi ankangowerenga mtengo pa botolo. Wotsatsa malonda akuba ulemu wa liwuli, inde, koma ulemuwo ulipo woti n'kubedwa chifukwa cha lonjezo la choonadi lija.

Sayansi inatenga lonjezo limeneli n'kuliika pa sikelo. Mu 1834 Ernst Weber wa ku Leipzig anafalitsa zimene anapeza poyesa anthu ndi zinthu zolemera mosiyanasiyana. Anaona kuti kusiyana kochepetsetsa kumene munthu angakumve sikukhala kumodzimodzi nthawi zonse, koma kumakula molingana ndi kulemera kwa chinthu chimene wayamba nacho. Magalamu ochepa owonjezeredwa pa kalata amamveka m'dzanja, pomwe omwewo akawonjezeredwa pa thumba lolemera samveka. Gustav Fechner anamanga pa maziko amenewa m'buku lake la 1860, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kutha kusiyanitsa kunakhala chinthu choyezeka, chokhala ndi malire ake, chosiyana munthu ndi munthu, ndiponso chotha kukula ndi kuphunzira. Izi ndi zimene zili kumbuyo kwa mfotokozi discernible, amene amakonda kuyenda pambuyo pa no, monga no discernible difference kapena no discernible effect. Wolemba wosamala akalemba choncho sakunena kuti kusiyana kulibe. Akunena kuti ngati kulipo, maso ndi zipangizo zimene zilipo sizinakupeze. Gottfried Leibniz anali atafika nalo patali ganizoli zaka zoposa 100 m'mbuyomo, ndi mfundo imene m'Chingerezi imatchedwa identity of indiscernibles, yakuti sipangakhale zinthu ziwiri zofanana pa chilichonse. M'kalata yake ina kwa Samuel Clarke mu 1716 anasimba za mnzake amene anazungulira munda wa maluwa wa ku Herrenhausen kufunafuna masamba awiri ofanana ndendende, koma osawapeza. Kwa Leibniz kusiyana kumakhalapo nthawi zonse, ndipo tikalephera kukuona, kuperewera kuli mwa ife.

Kwa wophunzira Chingerezi, zoyenera kusunga n'zochepa. Pa katchulidwe, zilembo sc zimamveka ngati s mmodzi, ngakhale kuti kale anthu ambiri ankazitchula ngati z ndipo madikishonale ena amalembabe matchulidwe onse awiri. Mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri. Pa kalembedwe, discernible wokhala ndi i ndiye wofala masiku ano kuposa discernable wokhala ndi a. Pa kumasulira, palibe liwu limodzi la Chichewa lokwanira paliponse: pena ndi kuzindikira, pena kusiyanitsa, pena kuona movutikira, ndipo womasulira ayenera kudzifunsa kuti mwa mfundo zitatu zija, chiganizocho chatsindika iti. Polemba nkhani yake, asanaike mneniyu adzifunse ngati chinthucho chinalidi chovuta kuchiona, ndiponso ngati iye mwini akuvomereza kuti chilipo. Yankho likakhala ayi pa funso loyamba, see akwanira. Likakhala ayi pa lachiwiri, discern amuyankhulitsa zimene sanafune kunena.

Phindu lalikulu, komabe, lili kwa wowerenga. Mtolankhani akalemba kuti katswiri wachita discern zizindikiro zakuti chuma chayamba kudzuka, kapena mlaliki akanena kuti wachita discern chifuniro cha Mulungu pa moyo wa munthu wina, mneniyo amakhala atagamula kale nkhani imene mwina umboni sunaigamule. Popeza liwuli limanyamula chivomerezo m'kati mwake, n'losavuta kuzembetsera maganizo a munthu ngati kuti ndi zinthu zotsimikizika, wowerenga n'kuvomera asanadziwe kuti wafunsidwa kuvomera. Wodziwa ntchito ya liwuli ayenera kufunsa kuti kusiyanako kuli pati, ndani wina angakuone atapatsidwa umboni womwewo, ndiponso chingasonyeze kuti wolembayo walakwa n'chiyani. Wolemba wotha kuyankha mafunso amenewa liwuli n'lomuyenera. Wosatha kuyankha abwerere kwa think, believe kapena suspect, aneni amene salonjeza zoposa zimene mwini wake ali nazo.